Kawilo Kosabwerera Kokha

Yeoville, Joni
16 Epulo 2023

Wokondedwa Tiyese,

Muli bwanji kumeneko iwe ndi Peggy? Chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Amayi ku Kawale upite ukawaone, uwauze ndili bwino. Ndilidi bwino, kungoti kuzizira kwayamba, ndipo akuti uku nkulawa chabe.

Kalatayi ndapatsira Kings, uja amabweretsa katundu wa anthu pa basi. Usaseke. Foni yakoyo imagwiridwa ndi nyumba yonse, mng'ono wako Thandie amamva mavoisi anga iwe usanamve, nde zina ndizilemba papepala basi.

Ku butchala zikuyenda. Ndimadula nyama youma ndi ayezi pa makina a sowo, m'mawa mpaka madzulo. Palibe chokamba pamenepo.

Nkhani ndi iyi. Weston, mnyamata wa ku Area 36 amene tikugona chipinda chimodzi, ananditengera kwa mkulu wina wa bandi, dzina lawo Bra Mandla. Amayeserera m'galaja kunyumba kwawo. Ine kufika ndi matama anga, ndati ndakhala ndikuimba kiibodi kutchalitchi ku Biwi kuyambira ndili Folomu 2. Iwo angoloza kachinthu kakale kali pakona, matabwa m'mbali, mabatani opotokola mbwee ngati wailesi ya agogo ako. Amakatcha sinthi. Ndaponda makiyi atatu pamodzi monga timachitira, iko kangolira liwu limodzi. Ndati, "Bra, aka kanafa." Galaja yonse kuseka. Eti kamaimba liwu limodzi pa nthawi, ngati munthu. Ndafufuza batani la transipozi, kulibe. Iwe ukudziwa nyimbo zonse ine ndimaimbira pa kiyi imodzi, batani lija nkumandinyamula. Thukuta kutuluka pa kuzizira konseku.

Koma kumanzere kwake kuli timawilo tiwiri. Ukukumbuka kawilo ka pa kiibodi yathu, kamene Abusa anamata selotepi ati kamamveka za ku bawa? Komweko. Koyamba amati pichi bendi, ukakankha mawu amakwera, ukakoka amatsika, amadutsa malo oti palibe kiyi. Kachiwiri ndi ka modyuleshoni, kamanjenjemeretsa mawu. Dzanja lamanja pa makiyi, lamanzere pa mawilo. Poti zina zonse zinali zitandikanika, ndinangoyamba kusewera nato. Ndinachita mmene Amayi amayambitsira nyimbo pamaliro, kuyambira pansi, kukwera pang'onopang'ono, kufika pamwamba nkunjenjemera. Bra Mandla anali akudya, anasiya. "Zimenezo wazitenga kuti?" Ndati kwa amayi anga. "Lachitatu ubwerenso."

Tiyese, zaka zonse zija kawilo kameneka kanangokhala pansi pa selotepi.

Ndatumiza chigubu cha mafuta ophikira, sopo, ndi nsapato za Peggy. Zikamukulira aziyamba wavala ndi masokosi awiri. Ndalama ili m'kati mwa nsapato yakumanja, uyambe lendi. Za bandizi usauze munthu kaye.

Ndine wako,
Pemphani


21 Meyi 2023

Tiyese wanga,

Moni nonse. Ndamva kuti Peggy wachira, zikomo. Ine ndili bhobho, tulo tokha ndi tomwe tikuchepa.

Ndinakuuza kuti usauze munthu. Lero ndikumva kuti Abusa alengeza pa guwa kuti mwana wathu akuimba ndi akatswiri ku Joni, anthu mpaka nthungululu. Chabwino, zachitika. Koma omwe aja anamata selotepi?

Tamvera zenizeni zake. Bra Mandla ali ndi shoo yaikulu kumapeto a Sepitembala, m'holo m'tauni. Pa sinthi pakufunika munthu mmodzi. Ati ndikaimba bwino tsiku limenelo malowo ndi anga, ndiziyenda nawo, ndipo adzandilembera kalata yothandizira mapepala anga. Ukudziwa mmene zilili ndi pasipoti yanga. Zikatheka, butchala ndasiya, ndipo Khirisimasi nditha kubwera ngati munthu, osati kudzera kuthengo.

Nde ndikuphunzira ngati ndikulembanso MSCE. Makiyi onse tsopano, osati umodzi wanga uja. Weston akundithandiza. Iye anakulira kukwaya ya Akatolika, kiyi iliyonse amayenda ngati pa tala, kungoti kuimba kwake kuli ngati munthu akuwerenga zolengeza za maliro pa wailesi. Ndimamuuza ndithu. Iye amati, "Aise, iwe uli ngati woitanira minibasi, Chinsapooo, Chinsapooo." Ndimati eya, mpake imadzaza.

Chovuta nachi. Kawilo ka pa makiibodi akwathuko kali ndi sipuling'i, ukakasiya kamabwerera pakati kokha. Aka ayi. Ukakakankha kamakhala pomwepo mpaka ukabweze wekha. Pakati pali kadzenje kakang'ono koti diso silingaone, kawiloko kamagweramo kuti thi, umangomva ndi chala chachikulu. Ukaphonya kadzenjeko, manoti onse otsatira amatuluka opindika, bandi ili uku iwe uli uko. Bra Mandla amandifunditsa thaulo padzanja kuti ndisayang'ane. Amati, "Diso limachedwa, khutu limamva zitalakwika kale. Chala ndiye chimadziwa." Pano ndimakapeza ngakhale ndikucheza. M'basi chala chimangoyenda chokha pabondo, mayi wina anasuntha mpando.

Kachipangizoka kamamvanso kuzizira. Ukakayatsa umayamba wakadikira katenthe, apo ayi mawu ake amasochera. Nanenso ndikachoka ku butchala zala zimakhala zitauma, nde tonse awiri timakhala pafupi ndi hita kudikirana.

Chimanga ugule pano chisanakwere, matumba awiri, ukasunge kwa Amayi poti kwathuko kuli makoswe. Za alandilodi zokweza lendizo uwauze adikire Julayi. Bulangete lomwe ndatumiza ndi lako, usapatse Thandie.

Ndimachoka ku galaja mochedwa, kulawirira ku nyama. Tsiku lina ndinasinza chiimire. Koma ndi miyezi yochepa chabe.

Pemphani


9 Julayi 2023

Tiyese,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Pepa kukhala chete, foni ndimaiona ikulira.

Ndinadzicheka pang'ono kuntchito mwezi watha. Dzanja lamanzere. Anasoka. Zala zonse zilipo, uwauze Amayi zimenezo poyamba, zala zonse zilipo.

Abwana ananditengera okha pa galimoto mpaka pageti la chipatala. Anati ndikanene kuti zachitikira kunyumba. Ndinanena choncho.

Zilembozi zikupendama chifukwa pepala likuthawa, palibe choligwira. Ndalitsamiza ndi kapu.

Mwezi uno palibe katundu. Kings akupatsa kangachepe, ndi ka Weston, ndamuthokoza kale. Alandilodi uwauze Ogasiti. Thumba limodzi la chimanga chija ukhoza kutsegula.

Kuno kukuzizira. Madzi a pampopi wapanja anauma kukhala ayezi m'mawa wina, ndinaima nkumangowayang'ana.

Usalire pamaso pa mwana.

Pemphani


30 Julayi 2023

Tiyese,

Moni kwa iwe ndi Peggy. Ine ndadzuka.

Wafunsa kuti ndikuuze zoona, nde nazi. Ulusi anachotsa, bala lapola bwinobwino, anesi mpaka anayamikira. Koma chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati sizikumva kanthu. Adokotala ati mtsempha unaduka pamwamba pa chikhatho. Ati nthawi zina umamera, nthawi zina ayi, tidikire chaka. Anandibaya ndi kasingano ndili chitsinzinire nkumafunsa, apa? apa? Ine ndimadikira kuti ayambe.

Sizipweteka. Anthu akumandifunsa ngati zikupweteka, ndikuti ayi, iwo nkumati Mulungu ndi wabwino. Dzana ndinagwira ketulo. Weston ndi amene anakuwa, ine ndinaona chithuza pambuyo pake.

Ku butchala analemba wina, wa ku Mozambique. Anandipatsa jumbo ya mafupa ndi malipiro a masiku omwe ndinagwira. Pano ndikugawa timapepala totsatsa malonda pa maloboti. Dzanja limodzi limakwana.

Lachitatu ndinapita ku galaja. Onse anandilandira bwino, wa ng'oma mpaka anandipatsa mpando wake. Tinayamba nyimbo ina yomwe sinthi imalowa yokha pakati. Kukwera ndinakwera, poti mkono ukuyenda. Pobwerera ndinadikira thi uja. Sanabwere. Ndinaganiza kuti ndafika, ndinapitiriza. Kenako khutu linamva kuti ndili pambali pa anzanga, ndabweza, ndapitirira, ndabwezanso. Nyimbo yonse choncho, ngati woledzera akufuna bowo la kiyi pachitseko. Palibe anaseka. Bwenzi zili bwino akanaseka. Wa gitala ankangoyang'ana kudenga.

Titamaliza Bra Mandla anandigwira paphewa. "Pumula kaye, mfana." Ndinati chabwino. Ndinathandiza kukulunga mawaya, ndinakwera takisi, ndinagula buledi, ndinafika. Ndimayembekezera kuti panjira ndimva chinachake mumtima. Ndinangoona kuti buledi wakwera.

Yunifolomu ya ku nasale ya Peggy isiye kaye, azipita ndi diresi la buluu lija. Kutchalitchi akafunsa uziti akukonzekera shoo. Si bodza, shooyo ikukonzekeredwadi.

Pemphani


20 Ogasiti 2023

Tiyese,

Kalata yako ndalandira, pamodzi ndi mtedza ndi kabotolo ka mafuta odzozedwa ka Abusa. Mtedza tadya. Mafutawo ndikupaka, khungu lafewa.

Ukuti ndibwerere. Ndibwerere kudzatani, make Peggy? Ndikatuluka pa boda ndi pasipoti iyi andidinda, kuno sindidzalowanso. Ku Biwi kiibodi ya mpingo imafuna manja awiri, pa kabaza mabuleki amafuna manja awiri, ku Mchesi kopala matabwa chimodzimodzi. Kuno maloboti alipo ambiri.

Zomwe akunena azakhali zoti anthu anandichitira nsanje atamva kutchalitchi, uzisiye. Usakangane nawo, komanso usapite kulikonse komwe akufuna kukutengera, ndalama yake palibe. Palibe anandilodza. Ndinasinza. Ndipo iwe usadziimbe mlandu kuti unaulula, sowo siidziwa Chichewa.

Ndayesa nzeru zonse. Ndinalemba kamzere koyera pa kawilo kuti ndiziona pakati ndi maso. Ndikayang'ana kumanzere, lamanja likusochera. Ndinamanga mphira kuti kazibwerera kokha ngati akwathu aja. Kanabwereradi, koma mothamanga ngati legeni, pomwe kukoma kwake kuli pobwerera pang'onopang'ono. Bra Mandla anangomasula mphirayo nkundipatsa m'manja.

Pa sinthi pano pali Weston. Anayamba wandifunsa, usamuone ngati woipa. Tinali tikudya, anati, "Aise, mkulu uja akuti ndiyese. Ukakana ndikana." Ndinati nanga lendi akulipira ndani. Anati si nkhani ya lendi. Ndinati tenga, ndipatsire mchere.

Manoti akuimba oyera, kuposa ine. Koma kawilo akukakankha ngati hutala ya kabaza, pyee, pyee. Kanjenjemero amakatsegula poyambirira pomwe mpaka mawu kumveka ngati mbuzi. Bra Mandla andipempha kuti ndizimuphunzitsa, azindipatsa ya takisi. Nde ndimakhala pa kreti kumbali nkumati, usafike msanga, noti uyipeze kuchokera pansi, idikire iime kaye kenako uinjenjemeretse pang'ono pothera. Iye amati, "Pang'ono wake ndi ungati?" Ndimangoti abwereze. Ndinamuuza kuti akumbukire amayi akwawo pamaliro. Akuti kwawo amaimba za m'buku.

Usiku amayeserera chala pa bulangete. Bedi lake lili pafupi, ndimamva kukhwekhwereza. Ndimatembenukira kukhoma.

Malasha ugule a ku Mgona ngati Thandie akupita kumeneko, ati ndi otsikirapo. Amayi usawauze za Weston.

Pemphani


17 Sepitembala 2023

Tiyese,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti kwayamba kutentha ndi fumbi lake. Peggy azimwa madzi. Kuno mitengo yayamba kuphuka.

Pachitika kanthu, kaya ndikatche chiyani. Sabata yatha Weston analakwitsanso malo omwe aja, kachitatu kapena kachinayi. Ine ndinatopa nkulankhula. Ndinadzuka pa kreti, ndinachotsa dzanja lake pa mawilo, ndinaikapo langa lamanja, ndati iwe ponda makiyi basi. Anaponda. Ine ndinakweza, ndinabweza, thi. Tiyese, thi uja ndinamumva, chala cha kumanja chinamupeza ulendo woyamba. Tinapitiriza mpaka nyimbo kutha. Wa ng'oma anati, "Hawu." Bra Mandla anati tibwereze. Tinabwereza. Anati pa shoo zikhala choncho.

Nde anthu awiri pa kachipangizo kamodzi kotalika ngati mkono. Kuimirira tonse sitikwana, timagundana mapewa, komanso akuti sizikuoneka bwino. Ine ndizigwada kumbali, kumanzere, dzanja lokha pamwamba. Anandipezera kapilo. Makiyi sindiwaona ndikagwada, nde ndimayang'ana chigongono cha Weston, chikatsika ndiye kuti waponda. Anyamata akutitcha mapasa. Wa gitala akuti ndikagwada ndizipemphereratu bandi yonse. Ndinaseka nawo.

Ndinafunsa za kalata ya mapepala ija. Bra Mandla sananditembenuze ayi, anandiuza maso ndi maso. Ati malo ndi amodzi, kalata ndi imodzi, ndipo ku maofesi sangakalembe kuti munthu uyu ntchito yake ndi kupukusa kawilo. Alembera Weston. Ati, "Ukundimva, mfana?" Ndinati ndikumva. Anayang'ana dzanja langa nthawi yaitali, kenako anakayatsa ketulo.

Weston akufuna tigawane pakati malipiro a tsikulo. Ndavomera, sindinachite manyazi. Zikabwera ndikutumizira zonse, umalize za alandilodi, zotsala ugulire Amayi shuga.

Wafunsa ngati ndikusangalala. Kaya. Chala chikamva thi ndimadziwa kuti apa mpoyenera kusangalala. Bondo ndiye limapweteka ndithu, limenelo ndikulimva.

Malaya oyera ndabwereka kwa Kings.

Pemphani


8 Okutobala 2023

Wokondedwa Tiyese,

Ndikhulupirira muli bwino iwe, Peggy ndi Amayi. Ine ndili bwino. Zala zili chimodzimodzi.

Shoo inachitika. Holo inadzaza mpaka ena kuimirira kumbuyo. Sinthi tinaiyatsa msanga, inatentha bwino, siinasochere. Itafika nyimbo ija, onse anasiya, kunatsala ife. Weston anaponda, ine ndinaitenga pansi penipeni, ndinakwera nayo mosafulumira, pamwamba ndinaisiya iime, kenako kanjenjemero pang'ono. Holo inati zii. Mayi wina kutsogolo anaika manja kumutu. Pobwerera kadzenje ndinakapeza, ulendo uliwonse ndinakapeza, sindinaphonye ngakhale kamodzi. Anthu anaimirira. Bra Mandla anatchula dzina la Weston, kenako anati, "ndi m'bale wake wa ku Malawi," akuloza pansi. Ndinayesa kudzuka koma mwendo unali utachita dzanzi, pomwe ndimaima nkuti ng'oma zitayamba ina.

Panja anthu anamuzungulira Weston kumufunsa kuti amatani kuti makina alire choncho. Iye ankandiloza, "Ndi uyu, ndi uyu." Iwo ankandimwetulira nkubwerera kwa iye. Mmodzi anandipatsa foni kuti ndiwajambule. Ndinawajambula.

Mawa bandi ikupita ku Durban, kenako Cape Town. Mu galimoto malo ndi okwanira okhawo omwe ali pa kalata. Weston kawilo wayamba kukadziwa, osati kwambiri, koma ati kwa anthu akutali nkokwanira. Bra Mandla ati akakhala ndi shoo ya konkuno azindiitana. Weston wasiya lendi ya miyezi iwiri ndi jekete lake. Analira pondiuza, ine ndi amene ndimamutonthoza.

Khirisimasi sindibwera. Uwauze Amayi wekha, usadikire amve kwa Kings.

Ndalama ili mu envelopu, chita monga ndinanenera. Mafuta ophikira mwezi uno ndi kabotolo kakang'ono.

Wina anajambula vidiyo, Kings ali nayo mu foni, akuponyera akafika. Unati Abusa akufuna vidiyo ikapezeka aionetse kwa achinyamata Lamulungu. Asonyeze, palibe vuto, nyimboyo ndi yabwino. Ndingokuuziratu kuti usavutike kundifunafuna. Wojambulayo anaima mbali ya sipika, nde nkhope yanga mulibe, ngakhale malaya a Kings sakuoneka. Anthu akafunsa uwayankhe mmene ungathere, ine sindikwiya.

Koma Peggy umuonetse payekha, kunyumba. Mawu akayamba kukwera uyiimitse, umulozere pansi kumanzere, pomwe pathera matabwa. Pali dzanja. Umuuze kuti adadi ndi amenewo. Ndi lamanja. Linalo linali m'thumba.

Ndine wako,
Pemphani